BP ndi Shuga pa Nthawi ya Pakati: Zomwe Banja Lonse Liyenera Kudziwa ndi Kuchita

Makolo athu sanalakwe potcha mimba kuti pakati. Ankati mayi woyembekezera waima pakati pa moyo ndi imfa, ndipo ntchito ya onse a pakhomo ndi kumuolotsa. Anamkungwi ndi azamba akale ankadziwa zoopsa zambiri zooneka ndi maso, monga kutaya magazi, mwana kugona mopingasa, malungo ndi kuchedwa kuchira. Koma alipo matenda awiri amene diso la agogo silingawaone, ngakhale agogowo atakhala kuti anachiritsa theka la mudzi. Oyamba ndi kuthamanga kwa magazi kobwera ndi mimba, kumene azachipatala amati preeclampsia. Achiwiri ndi shuga wa pa mimba. Onsewa amayamba mwakachetechete, mayi akulima, akuphika, akuseka ndi anzake kumjigo. Chimene chimawagwira msanga ndi makina a BP, kapepala koviika mumkodzo ndi kadontho ka magazi a pachala.

Malangizo awa si a mayi woyembekezera yekha. Pakhomo pambiri amene amagamula kuti tipite kuchipatala kapena tidikire kuche ndi bambo, apongozi kapena azakhali. Iwonso awerenge.

CHASINTHA N'CHIYANI?

Amayi omwalira chifukwa cha uchembere achepa kuno kwathu. Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba imachita anapeza kuti mu 2004 amayi 984 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Mu 2010 anali 675, ndipo mu 2015 ndi 2016 anatsika kufika pa 439. Pa nthawi imeneyo amayi 9 mwa 10 alionse anali atayamba kuchirira kuchipatala.

Koma pamene imfa zikuchepa, matenda awiri aja akupezeka mochuluka m'mayiko ambiri. Ku America bungwe la CDC linapeza kuti shuga wa pa mimba anakwera kuchoka pa amayi 60 mwa 1,000 mu 2016 kufika pa 83 mu 2021, ndipo mavuto a BP pakati pa amayi okachira m'zipatala anakwera kuchoka pa 13 mwa 100 mu 2017 kufika pa 16 mu 2019. Bungwe la International Diabetes Federation linati mu 2021 mwana mmodzi mwa 6 alionse padziko lapansi anabadwa kwa mayi amene shuga wake anali wokwera ali ndi pakati. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati matenda a preeclampsia amagwira mimba 2 mpaka 8 mwa 100, ndipo chaka chilichonse amapha amayi pafupifupi 46,000 ndi makanda pafupifupi 500,000.

Zifukwa zake tikuziona ndi maso kwathu konkuno. Matupi akula. Mu 1992 amayi 10 okha mwa 100 m'Malawi ndiwo anali onenepa mopitirira muyeso, koma pofika 2015 ndi 2016 anali 21, ndipo m'matauni anali ochuluka kuposa pamenepo. Mgaiwa walowedwa m'malo ndi ufa woyera, m'mawa ndi tiyi wa masipuni atatu ndi mandasi, masana chipisi cha pachiwaya ndi botolo la chotsekemera, ndipo mtunda umene amayi athu ankayenda wapansi lero timakwera kabaza. Mkazi akanenepa timamuyamikira kuti banja lamuyanja. Amayi ena akuchedwa kuyamba kubereka kapena akuberekabe atapitirira zaka 35, ndipo ena akutenga mimba ali kale ndi BP kapena shuga osadziwa. Kumbali inayi, atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 anapezeka kuti anali atabereka kale kapena ali ndi pakati, ndipo mimba yoyamba ya mtsikana wamng'ono ndiyo imakonda kugwidwa ndi preeclampsia. Ndiye kuti tapanikizika mbali zonse ziwiri.

Chifukwa china ndi kayezedwe. Mu 2013 bungwe la WHO linatsitsa muyeso wodziwira shuga wa pa mimba, choncho amayi amene kale ankaonedwa ngati ali bwino tsopano akuwerengedwa. Khoka la maso ang'onoang'ono limakola nsomba zambiri. Vuto lathu n'lakuti khokalo timaliponya mochedwa. Kafukufuku yemwe uja wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 24 okha mwa 100 ndiwo ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira.

PREECLAMPSIA NDI CHIYANI?

Gwero lake ndi nsengwa, chiwalo chija chimene chimadyetsa mwana m'mimba. Nsengwa ikapanda kumera bwino m'chiberekero, imatulutsa zinthu zimene zimaononga mitsempha ya magazi ya mayi m'thupi monse. Mitsempha imafinyika, BP imakwera, impso zimayamba kudontha mapuloteni mumkodzo, ndipo chiwindi ndi ubongo zimavutika. Mwana nayenso salandira chakudya chokwanira, motero amakula mopinimbira. Matendawa amayamba mimba ikapitirira masabata 20, ndiye kuti kuyambira mwezi wachisanu, ndipo kawirikawiri amaonekera kumapeto. Akakula, mayi amakomoka n'kumaphupha ngati wakhunyu. Pamenepo azachipatala amati eclampsia.

Manambala oti aliyense pakhomo aloweze ndi awiri. BP ikafika 140 pamwamba kapena 90 pansi, mayi aonedwe ndi achipatala tsiku lomwelo. Ikafika 160 pamwamba kapena 110 pansi, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, kaya mayiyo akuti sakumva kupweteka paliponse.

Ambiri akamva kuti kuthamanga kwa magazi amaganiza kuti magazi achuluka, n'kusiya kumwa mankhwala owonjezera magazi amene analandira kusikelo. Kumeneko n'kulakwitsa. Mayi akhoza kukhala ndi magazi ochepa koma BP yokwera nthawi imodzimodzi. Mankhwala owonjezera magazi apitirize.

AMENE AYENERA KUONEDWA MWAPADERA

Mayi aliyense akhoza kudwala, koma awa auze anamwino pa tsiku loyamba la sikelo:

1. Wa mimba yoyamba, makamaka mtsikana wosakwana zaka 20, kapena mayi wa zaka zopitirira 35.
2. Amene BP inakwera kapena anakomoka pa mimba ya m'mbuyomu.
3. Amene ali kale ndi BP, shuga kapena matenda a impso.
4. Woyembekezera mapasa.
5. Amene mayi ake omubereka kapena mchemwali wake anadwalapo matendawa.
6. Wonenepa kwambiri.
7. Amene papita zaka zopitirira 10 chiberekereni, kapena amene mimbayi ndi yoyamba ndi mwamuna wina.
8. Amene anaberekapo mwana wolemera makilogalamu 4 kapena kuposa, kapena anapititsapo padera mimba itakhwima popanda chifukwa chodziwika.
9. Amene kwawo kuli matenda a shuga.

Mbiri ya ntayo si yochititsa manyazi pamaso pa namwino. Chimene mayi wabisa ndicho chikanatsogolera achipatala pomuteteza.

ZIZINDIKIRO ZOSADIKIRA KUCHA

Mapazi kutupa pang'ono madzulo, n'kuphwa m'mawa, zimachitikira amayi ambiri kumapeto kwa mimba. Zoopsa ndi izi:

1. Mutu waukulu wosamva Panado.
2. Kuona zinthu mwachimbuuzi, kuona timagetsi tothwanima kapena zinthu ziwiriziwiri.
3. Kupweteka pamwamba pa mimba, pansi pa nthiti makamaka kumanja. Ambiri amati ndi chilungulira kapena zilonda za m'mimba, pamene ndi chiwindi chikudandaula.
4. Kutupa nkhope ndi manja mwadzidzidzi, mphete n'kukana kuvuka, maso n'kuoneka ngati munthu wagona kwambiri.
5. Kubanika, makamaka akagona.
6. Kukodza pang'ono kwambiri.
7. Kusanza kumene kwangoyamba mimba itakula.
8. Kutuluka magazi, kapena mimba kulimba gwa n'kumapweteka osalekeza.
9. Mwana kuchepetsa kapena kusiya kugunda.

Chizindikiro chimodzi chokha n'chokwanira. Musadikire chachiwiri.

Kumudzi mayi akatupa, ena amati ndi mapasa, ena amati ndi tsempho kapena mdulo, n'kuyamba kufunsa bambo kumene anayenda. Milandu imeneyo ingathe kudikira, koma BP siidikira. Yambani mwapita kukayezetsa. Musamupatse mwanamphepo kapena mankhwala ena ofulumizitsa matenda, chifukwa amafinya chiberekero mwamphamvu ndipo angaphulitse chiberekero kapena kupha mwana. Amene akufuna kupemphera apemphere ali m'njira.

MAYI AKAKOMOKA

Mugonekeni chammbali, makamaka kumanzere, kuti malovu ndi masanzi asamutsamwe. Chotsani moto, mbaula, mipando ndi chilichonse chimene angadzipweteke nacho. Musamuike supuni, chala kapena nsalu m'kamwa. Musamupanikize kuti asiye kuphupha, musamumwetse madzi kapena mankhwala, musamuthire madzi ozizira kapena kumufukiza utsi. Wina athamangire galimoto nthawi yomweyo. Kuphupha kukasiya ndipo iye n'kutsitsimuka, musanene kuti zatha, chifukwa kumabwereza. Mayi woyembekezera kapena amene wangochira kumene akakomoka, pitani naye kuchipatala ngakhale atakhala kuti amadwala khunyu kale.

Kuchipatala kuli mankhwala obaya otchedwa magnesium sulphate. Kafukufuku wamkulu wa mu 2002, wa amayi oposa 10,000 m'mayiko 33, anasonyeza kuti mankhwalawa amachepetsa kukomoka ndi theka ndi kupitirira. Amabayidwa pamtsempha ndi pamatako, ndipo amapitirizidwa maola 24 mayi atachira. Akamabayidwa amamva kutentha thupi lonse, koma zimenezo zisakuopseni. Amapatsidwanso mankhwala otsitsa BP monga methyldopa, nifedipine kapena hydralazine.

Komabe mankhwala onsewa amangogwiriziza. Popeza gwero ndi nsengwa, matendawa amayamba kutha mwana ndi nsengwa zikatuluka. N'chifukwa chake adokotala amayambitsa matenda a kubereka mimba ikakwana masabata 37, kapena msanga kuposa pamenepo zinthu zikavuta, ndipo nthawi zina amachita opaleshoni. Apa m'pamene abale ambiri amakakamira kuti masiku sanakwane. Funsani mafunso onse amene muli nawo, koma musakanize. Mwana wobadwa masiku osakwana amasamalidwa ku kangaru n'kukula, pamene mayi wotaya ubongo kapena impso sabwezeka.

MMENE MUNGAPINDULIRE NDI SIKELO

Kuyambira 2016 bungwe la WHO limalangiza kuti mayi aonedwe kasanu n'katatu: koyamba m'masabata 12 oyambirira, kenako pa sabata 20, 26, 30, 34, 36, 38 ndi 40. Taonani kuti maulendowa athinana kumapeto. Anachita dala, chifukwa ndi nthawi imene BP imakonda kukwera. Mwambo wobisa mimba mpaka ionekere yokha ungasungidwe kwa anthu a m'mudzi, koma osati kwa namwino. Ulendo woyamba ndiwo umasonyeza BP yeniyeni ya mayi, imene manambala onse otsatira adzayerekezedwa nayo.

Pa ulendo uliwonse onetsetsani kuti BP yayezedwa ndipo yalembedwa m'buku la kuchipatala. Funsani mwaulemu kuti, “Anamwino, BP yanga ili pa chiyani lero?” Safunsa anadya phula. Ngati tsikulo makina afa kapena mzere unali wautali n'kukudumphani, musangobwerera kunyumba n'kudikira mwezi wamawa. Bwererani mawa lake, kapena kayezetseni ku famase kapena kuchipatala china chapafupi, n'kulemba manambalawo ndi tsiku lake. BP ikapezeka yokwera, pemphani kuti ayeze mkodzo.

Banja limene lingakwanitse ligule makina a BP ovala pamkono, kapena mabanja angapo asonkherane. Poyeza, mayi akhale pansi mphindi zisanu atatsamira, mapazi ali pansi, mkono utatsamira patebulo molingana ndi mtima, osalankhula. Lamba wake akhale wokwanira mkonowo, chifukwa wothina amanamiza. Nambala ikakwera, bwerezani pakapita mphindi zochepa, ndipo ikakhalabe pamwamba tsatirani manambala awiri aja.

ZOTHANDIZA KUPEWA

Kwa amayi amene ali pachiopsezo chachikulu, achipatala amapereka asipirini wamng'ono wa mamiligalamu 75 kapena kuposerapo pang'ono, womwa tsiku lililonse, ndipo amathandiza bwino akayambidwa mimba isanakwane masabata 20. Ichi ndi chifukwa chinanso choyambira sikelo msanga. Asipirini wa m'golosale ndi wamkulu, wa mamiligalamu 300, ndipo si woti mayi adzigulire yekha. Brufen ndi mankhwala ena a ululu a mtundu umenewo apewedwe pa mimba pokhapokha adokotala atanena.

Chachiwiri ndi kashiamu, mchere womanga mafupa umene umasowa m'zakudya za anthu ambiri odalira chimanga. WHO imalangiza mapiritsi a kashiamu kwa amayi oyembekezera kumadera otere. Akapatsidwa, asamwere limodzi ndi owonjezera magazi, koma alekanitse ndi maola angapo. Pakhomo kashiamu ali mu usipa, matemba, bonya ndi kapenta zodyera limodzi ndi minga zake, mu bonongwe, chisoso ndi masamba ena obiriwira, m'malambe, m'mawere ndi mumkaka.

Mayi amene amamwa kale mankhwala a BP apite nawo kuchipatala akangodziwa kuti waima, kapena asanatenge n'komwe mimbayo. Ena monga enalapril ndi captopril amaononga mwana m'mimba ndipo ayenera kusinthidwa. Asangosiya yekha, ndiponso asabwereke mapiritsi a apongozi. Kuchepetsa mchere ndi khalidwe labwino pa moyo wonse, koma sikuchiza preeclampsia. Adyo, mandimu ndi masamba owiritsa nazonso sizilowa m'malo mwa chipatala.

SHUGA WA PA MIMBA

Nsengwa yomweyo imatulutsa michere imene imafooketsa mphamvu ya insulini, chinthu chimene chimalowetsa shuga m'minofu kuchoka m'magazi. Matupi a amayi ambiri amangowonjezera insulini n'kuthana nazo. Ena amalephera, shuga n'kuunjikana m'magazi n'kumapita kwa mwana. Mwanayo amanenepa mopitirira, ndipo kwathu kuno timakonda kuwomba m'manja kuti kwabadwa chimwana cha makilogalamu anayi ndi theka. Chimwana chimenecho chingakakamire mapewa pobadwa, kung'amba mayi, kapena kuchititsa opaleshoni. Chikangobadwa shuga wake amatha kutsika mwadzidzidzi. Shuga wosasamalidwa amachulutsanso madzi m'mimba, amakweza chiopsezo cha preeclampsia, ndipo nthawi zina mwana amafera m'mimba kumapeto.

Amayi ambiri samva chilichonse. Ena amamva ludzu losatha, amakodza pafupipafupi, amatopa, kapena amadwala mauka mobwerezabwereza, koma zonsezi n'zosavuta kuzinamizira mimba. Njira yodziwira ndi kuyeza magazi, makamaka pakati pa masabata 24 ndi 28, kapena msanga kwa amene ali pachiopsezo. Mayi amapita m'mawa asanadye kanthu chigonereni. Malinga ndi muyeso wa WHO, shuga wa munthu wosadya akafika 5.1, amene pa makina ena amalembedwa 92, ndiye kuti wakwera. Kumene zipangizo zilipo, amamwetsa madzi osungunuliramo magalamu 75 a shuga n'kuyezanso pakapita ola limodzi ndi maola awiri. Si zipatala zonse zazing'ono zimene zimayeza mayi aliyense, choncho amene ali pamndandanda uja apemphe yekha, ndipo ngati palibe zoyezera amutumize kuchipatala cha boma.

MBALE YA MAYI WA SHUGA

Amayi ambiri shuga wawo amatsika ndi kadyedwe ndi kuyenda basi. Mayi asadzimane chakudya, chifukwa njala pa mimba ndi yoopsa. Chofunika ndi kusintha kagawidwe.

Nsima ikhale ya mgaiwa, ndipo ichepe. Amene ankadya mitanda itatu adye umodzi kapena umodzi ndi theka, ndiwo n'kuchuluka. Theka la mbale likhale masamba monga nkhwani, mpiru, kholowa, chigwada, luni kapena therere. Mbali ina ikhale nyemba, nandolo, khobwe, nzama, mazira, nsomba kapena nkhuku. Nsinjiro n'zabwino. Mpunga, buledi, chinangwa, kondowole, mbatata ndi mbatatesi zonse zimasanduka shuga m'thupi, choncho adye chimodzi pa nthawi, osati kuphatikiza. Adye pang'onopang'ono katatu pa tsiku, ndi kachakudya kopepuka pakati, monga mtedza wodzaza dzanja, dzira lowiritsa kapena peyala.

Zoti asiyiretu ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, Sobo, maheu ogula, thobwa lothira shuga, nzimbe, uchi, masiwiti ndi tiyi wa shuga. Shuga wa bulauni ndi shuga ndithu. Zipatso adye zathunthu, osati zofinya, ndipo nthawi ya mango asakhale pansi pa mtengo ndi beseni. Limodzi laling'ono n'lokwanira. Magwafa ndi mapapaya pang'ono ndi abwino.

Akatha kudya ayende mphindi 10 kapena 15, kuti pa tsiku zikwane mphindi 30, pokhapokha ngati achipatala amuletsa. Mawu akuti woyembekezera adyere anthu awiri amuonongera ambiri. M'mimbamo muli khanda, simuli mlimi. Ndipo musamuphikire mphika wakewake ngati wolangidwa. Banja lonse likasintha, iye savutika, ndipo bambo amene mimba yawo yatsogola apindula nawo.

Zakudya zikalephera, adokotala amapereka metformin kapena jakisoni wa insulini. Insulini safika kwa mwana, ndipo amayi ambiri amasiya kubaya akangochira. Wobaya insulini asadumphe chakudya. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuchita chizungulire, ndiye kuti shuga watsika kwambiri, ndipo pamenepo pokha amwe madzi a shuga msanga n'kudya chakudya.

NTCHITO YA BAMBO NDI APONGOZI

Amayi ena amene amatisiya amamwalira chifukwa anafika mochedwa kuchipatala. Nthawi imathera pa kudikira kuti bambo abwere kuchokera kumsika, pa kuitana amalume, pa kusaka ndalama ya mafuta. Pakadafunda padajiwitsa galu. Choncho mimba ikafika miyezi isanu, khalani pansi n'kugwirizana izi:

1. Mayi ali ndi chilolezo chopita kuchipatala nthawi iliyonse popanda kudikira wina aliyense. Bambo anene zimenezi pamaso pa amayi awo, kuti pa tsikulo pasakhale wonena kuti, “Dikirani kaye mwini wake abwere.”
2. Sungani ndalama ya ulendo payokha, kaya m'foni kaya ku banki m'khonde, yosakhudzidwa ngakhale feteleza atatsika mtengo.
3. Khalani ndi manambala a anthu awiri a galimoto kapena njinga yamoto, a alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, ndi a chipatala chapafupi. Pa mafunso, Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, chimayankha mwaulere. Koma chizindikiro choopsa chikaoneka, imbani muli kale m'njira.
4. Sankhani womudikirira kuchipatala ndi wotsala ndi ana.
5. Buku la kuchipatala, zitenje, beseni ndi zina zikhale m'chikwama chimodzi chimene aliyense akudziwa pamene chili.
6. Ngati kwanu n'kutali, kapena mitsinje imadzaza nthawi ya dzinja, mayi apite kuchidikiro masiku asanakwane. Amene ali ndi BP kapena shuga akachirire kuchipatala chimene chili ndi fiyeta.

Bambo amene munapita nawo kusikelo ulendo woyamba kuti akazi anu asaime pamzere, pitaninso ulendo wachisanu ndi wachisanu n'chimodzi. Tsegulani bukulo, muone manambala ndi maso anu.

MWANA AKABADWA SIKUTI ZATHA

Linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Preeclampsia ingayambe kapena kukula mayi atachira kale, makamaka m'sabata yoyamba, ndipo ngozi imakhalapo mpaka masabata 6. Nthawi imeneyi maso a onse amakhala pa khanda, mayi ali m'chikuta, ndipo akadandaula mutu timati n'kusowa tulo. Mutu waukulu, chimbuuzi m'maso, kubanika kapena kupweteka pansi pa nthiti mwa mayi wa khanda ndi chifukwa chobwerera kuchipatala tsiku lomwelo. BP iyezedwe asanatuluke m'chipatala, pa tsiku lachitatu, pakatha sabata imodzi kapena awiri, ndi pa masabata 6. Mankhwala a BP amene wapatsidwa amwe mpaka adokotala atamuuza kuti asiye, ndipo apitirize kuyamwitsa.

Mwana wa mayi wa shuga ayamwe m'ola loyamba ndipo aziyamwa pafupipafupi. Akafooka, akamanjenjemera kapena kukana bere, itanani namwino msanga. Mayi ayezetse shuga pakapita masabata 6 mpaka 12, ndipo azibwereza chaka ndi chaka, chifukwa amene anadwala shuga pa mimba ali pachiopsezo chachikulu chodzadwala shuga wokhalitsa. Chimodzimodzinso amene anadwala preeclampsia aziyezetsa BP chaka chilichonse, pakuti matenda a mtima ndi sitiroko amakonda kudzawapeza akamakula. Asanatenge mimba ina apume zaka ziwiri pogwiritsa ntchito njira yolera imene achipatala aona kuti ikugwirizana ndi BP yake, ndipo pa mimba yotsatirayo akafotokoze mbiri yonse pa tsiku loyamba.

Ngati pakhomo panu pali woyembekezera, mufunseni madzulo ano kuti akuonetseni buku lake. Yang'anani tsiku limene BP inayezedwa komaliza ndi nambala imene inalembedwa. Mukapeza kuti papita mwezi, kapena malowo ndi osalembedwa, mawa m'mawa khasu ligone, mumuperekeze kuchipatala.